MTENGO WA NSAPATO UYAMBIRA M'KHOLA

Ng'ombe ikaphedwa pamudzi m'boma la Lundazi, kaya ndi pamaliro, paukwati kapena pamsika, maso a anthu onse akhala pa nyama. Cikopa cisendedwa mofulumira, ciponyedwa pansi padzuwa, ndipo agaru ndi akhwangwala acita naco cimene afuna. Mwezi wa January ukafika, mlimi yemweyo atapa cimanga m'nkhokwe nakagulitsa kuti agulire mwana wace nsapato za kusukulu. Nsapatozo zicokera kutali, ndipo zina mwa izo zing'ambika caka cisanathe. Motero mlimi ataya kawiri: ataya cikopa cimene anali naco, natayanso cakudya ca banja lace.

Anyamata ndi atsikana ambiri angathe kuphunzira kusoka nsapato, pakuti manja sacedwa kuzolowera mpeni ndi singano. Koma luso la manja lokha silikwanira. Cimene cigwetsa amisiri ambiri ndico kusadziwa ndarama zimene nsapato imodzi yawadyera, ndiponso kusadziwa nyengo yoyenera kusoka ndi nyengo yoyenera kugulitsa. Cifukwa cace maphunziro abwino a nchito ya nsapato ayenera kuika pensulo ndi buku m'dzanja la wophunzira tsiku lomwelo limene ampatsa mpeni.

CUMA CIMENE CIRI M'MAKOLA

Dziko la Lundazi liri pawiri. Kumtunda, kumene kuli minda ya cimanga, nsawa, thonje ndi soya, anthu aweta ng'ombe za mtundu wa Angoni, zija za linunda, pamodzi ndi mbuzi zambiri. Kucigwa ca Luangwa ng'ombe sizikhala bwino cifukwa ca kashembe. M'caka ca 2018 Boma linagawa dzikoli patatu, nipakhala maboma a Lundazi, Chasefu ndi Lumezi, koma misika ndi njira za malonda zikali zomwezo.

Makolo sanali kutaya cikopa. Anali kucifufuta ndi kupanga naco zishango, ng'oma, zobvala, zogonera ndi zingwe. Masiku ano mafakitale ofufuta zikopa anamangidwa m'mizinda ya kufupi ndi njanji, ndipo kucokera ku Lundazi kufika ku Lusaka ndi mtunda woposa makilomita 700. Cikopa cimodzi sicingalipire ulendo wotere. Cikafufutidwa ndi kusokedwa konkuno, ndarama za ulendowo zitsala m'thumba la mlimi ndi la mmisiri.

CIKOPA CABWINO CICOKERA KWA MLIMI

Wosoka nsapato sangakonze cimene mwini ng'ombe anaononga. Nkhupakupa ziboola timabowo m'khungu la ciweto, ndipo timabowoto tioneka bwino cikopa cikafufutidwa. Ndico cifukwa cina cotumizira ng'ombe kudibi. Waya waminga, minga ya m'thengo ndi mkwapulo wa wolima ndi ng'ombe zisiya zipsera zosafafanizika. Cizindikiro ca citsulo camoto cikadindidwa panthiti kapena pamsana, ciononga mbali yopambana ya cikopa conse. Malo ace ndi patsaya kapena kunsi kwa mwendo.

Posenda pafunika mpeni wa nsonga yozungulira, ndipo pamene khungu licoka mosabvuta nkwabwino kukankha ndi cibakera koposa kudula. Cikopa citsukidwe mwazi ndi ndowe tsiku lomwelo, cipalidwe mafuta ndi tinyama totsalira, ndipo cimangidwe ndi zingwe pa mitengo inai yolumikiza, pamthunzi popita mphepo. Amene ali ndi mcere wokwanira angathe kuciwaza mcere mbali ya mkati. Cikopa cokhomera pansi padzuwa ciuma kunja kokha pamene mkati mwace mukuola, ndipo cibvundi cace cidzaonekera m'madzi a wofufuta ndarama zitalipidwa kale.

Ciweto cimene cafa cokha mwadzidzidzi cisasendedwe konse. Matenda a anthrax, amene anabuka m'zigawo zambiri za Zambia m'caka ca 2023, alowa mwa munthu kupyolera m'nyama ndi m'cikopa comwe. Imfa yotere ikanenedwe kwa alangizi a ziweto.

MILU ITATU YA NDARAMA

Wophunzira nchito ya nsapato aphunzitsidwa kugawa ndarama zimene zituruka m'milu itatu. Mulu woyamba ndiwo wa zinthu zimene zilowa m'nsapato yeni-yeniyo: cikopa ca pamwamba, ca mkati, soli, guluu, ulusi, misomali, zingwe ndi polishi. Mulu umenewu ukula nsapato zikaculuka, nucepa zikacepa. Mulu waciwiri ndiwo wa ndarama zimene zituruka mwezi ndi mwezi ngakhale osasoka kanthu: lendi ya nyumba, msonkho wa khonsolo, ulendo wokagula zipangizo, ndi kutha kwa zida. Mulu wacitatu ndiwo malipiro a mmisiri mwini wace. Ambiri aiwala mulu umenewu, nayesa kuti thukuta lao liribe mtengo cifukwa palibe amene awalembera risiti.

Naci citsanzo. Ziwerengero zace nzongoyerekeza kuti njira ioneke. Mmisiri ali yense aikepo mitengo ya pamsika wa kwao.

Cikopa cofufuta cigulitsidwa poyesa ukulu wace m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndiko kacigawo kolingana m'litali ndi m'lifupi momwe. Nsapato ziwiri za mwana wa sukulu wamkulu zingadye mafiti awiri, ndi theka lina lotaika podula. Fiti ikakhala K30, cikopa ca pamwamba cikwana K75. Ca mkati cikhale K15, soli K40, ndi zazing'ono zonse K20. Mulu woyamba wakwana K150.

Pa mulu waciwiri, lendi ikhale K400 pamwezi, ulendo wa ku Chipata wokagula zipangizo K500, msonkho ndi foni K200. Makina osokera ogulidwa K6,000, amene adzagwira nchito zaka zisanu, ndiyo miyezi 60, akutha K100 mwezi uli wonse ngakhale maso saona. Zonse pamodzi ndi K1,200. Pa mulu wacitatu mmisiri adzilembere K2,000 pamwezi, ndizo ndarama zimene akadalandira akadagwira nchito kwa munthu wina. Milu iwiriyi yakwana K3,200, ndipo ndarama zimenezi ziyenera kusenzedwa ndi nsapato zonse za mwezi umenewo.

Mmisiri akasoka mapeyala 40 pamwezi, peyala iri yonse isenza K80, ndipo mtengo wace weni-weni ndi K230. Akagulitsa pa K250 apindula K20 pa peyala, ndiyo K800 pamwezi. Koma akasoka mapeyala 20 okha, peyala iri yonse isenza K160, mtengo wace ukwera kufika K310, ndipo pogulitsa pa K250 yomweyo ataya K60 pa peyala, ndiyo K1,200 pamwezi. Nsapato ndi zomwezo, msika ndi womwewo, koma wina apindula ndi wina ataya.

Mmisiri wosaphunzira kuwerenga saona zimenezi. Iye aona K250 m'dzanja, akumbukira K150 imene anagulira zipangizo, nakondwera kuti wapindula K100. Tsono K100 imeneyo si phindu ai. Ndiyo yolipira lendi, ulendo, zida ndi thukuta. Pogawa K3,200 ndi K100 paturuka 32. Ndiye kuti mapeyala 32 oyamba angobweza zimene zinaturuka, ndipo phindu liyamba pa peyala ya 33. Ciwerengero cimeneci mmisiri ali yense ayenera kucidziwa monga adziwa dzina la mudzi wace.

TIMABOWO TIMENE TIKHETSA PHINDU

Pamenepa mpamene khola likumana ndi buku. Cikopa cikakhala ndi mabala a mpeni, zipsera ndi cizindikiro pamsana, wodula alambalala malo oipawo, ndipo cotaika cikwera kucokera pa theka la fiti kufika pa fiti yathunthu. M'citsanzo cija ndiyo K15 yoonjezera pa peyala, kapena K600 pa mapeyala 40. Pa phindu la K800 patsala K200 yokha. Ndico cifukwa cace mmisiri wodziwa nchito alipira bwino cikopa cosendedwa mosamala nakana cobooka-booka, ndipo mlimi wosamala ziweto zace ayenera kufunsa mtengo woposa.

Kadulidwe nakonso ndi ndarama. Cikopa ca pamsana ndi pamatako ncolimba, ndipo ndico coyenera kutsogolo kwa nsapato kumene phazi lipinda. Ca kumimba ncofewa ndi cotamuka, coyenera lilime ndi zamkati. Wophunzira aphunzitsidwa kuyala mapepala a zitsanzo pacikopa conse asanagwire mpeni, kuyamba ndi zigawo zazikuru, ndi kulowetsa zazing'ono m'mipata yotsala.

Bowo lina ndilo ngongole. Pamudzi nkobvuta kukana mlamu kapena mwana wa mfumu. Koma mapeyala awiri okha osalipidwa acotsa K500 pa K800 ija. Mmisiri wanzeru alandira cikole asanayambe kudula, nalemba dzina, saizi ndi tsiku m'buku, napereka nsapato ndarama zikakwanira.

Mtengo wogulitsira suikidwa ndi mmisiri yekha. Ciyambire zaka za m'ma 1990, pamene malonda ndi maiko akunja anamasulidwa, misika ya m'Zambia inadzala ndi salaula, ndipo pambuyo pace panabweranso nsapato zapulasitiki zotsika mtengo. Wogula ayerekeza. Buku likaonetsa kuti mtengo weni-weni uposa umene anthu angalipire, mmisiri ali ndi njira zitatu: acepetse zotaika, aonjezere ciwerengero, kapena asinthe cimene apanga, monga nsapato zazingwe, malamba, ndi kukonza zakale. Kutsitsa mtengo popanda kuwerenga ndiko kudya mpamba, ndipo mpamba kwa mmisiri uli monga mbeu kwa mlimi. Amene akazinga mbeu yace mu September adzalira mu November.

KUKONZERATU NCHITO YA CAKA

Mlimi safunsa za mbeu mvula itagwa kale. Momwemonso mmisiri wa nsapato ayenera kuyala caka conse papepala, ndipo m'boma la alimi caka cace citsata munda.

Sukulu zitsegulidwa mu January, ndipo ndiyo nthawi imene nsapato zifunidwa kopambana, makamaka ciyambire caka ca 2022 pamene Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace ndipo ana ambiri analowa m'makalasi. Koma January ndiwonso mwezi wa njala, pamene ndarama zapita ku feteleza ndi aganyu. Ndarama zipezeka m'midzi kuyambira May kufikira September, nthawi ya malonda a cimanga, thonje, nsawa ndi soya. Cotero mmisiri wocenjera ayendera makolo m'nyengo ya malonda, nalandira cikole kapena malipiro onse, nayesa phazi la mwana ndi kusiya kampata ka kukula kwace. Makolo nao apepukidwa, pakuti January awapeza atagula kale.

Nyengo ya cirimwe ndiyonso yabwino kuumitsa zikopa, pamene m'dzinja ziumira mobvuta ndi kucita nkhungu. Kufufuta cikopa ca ng'ombe ndi makungwa kutenga masabata ambiri, ngakhale miyezi. Tsono nsapato za January zifuna zikopa zogulidwa mu June kapena July, zofufutidwa mu August ndi September, ndi kusokedwa mvula isanayambe. November ndi December ndi miyezi ya khasu, ndipo mmisiri amene alinso mlimi sadzakhala pa benci tsiku lonse. Pepala la caka lisabise zimenezi, pakuti mwezi wosoka pang'ono ulipirabe lendi.

Kukonzeratu kufikanso pa nchito ya sabata. Wosoka peyala imodzi kuyambira kudula kufikira kupukuta ataya nthawi posintha zida, ndipo guluu liuma m'citini cotsegula-tsegula. Nkwabwino kudula mapeyala khumi tsiku limodzi, kusoka tsiku lina, kukoka pa zikombole tsiku lacitatu, ndi kumata soli tsiku lacinai. Zikombole za mapazi zikakhala zocepa, ndizo zidzanena ciwerengero ca sabata, pakuti nsapato iyenera kukhalitsa pacikombole kuti igwire maonekedwe ace. Ndiponso masaizi asasokedwe mwa kungoganiza. Buku la caka catha lionetsa saizi imene inatha msanga ndi imene inagona pa alumali, ndipo nsapato yogona pa alumali ndi ndarama zomangidwa.

MADZI, MITENGO NDI NTHAKA

Nchito yokhalitsa ndiyo imene siononga cimene idalira. Mafakitale akuru afufuta ndi mankhwala a chrome, amene afulumiza nchito koma madzi ace otsala afuna kusamalidwa ndi odziwa. Pamudzi njira yoyenera ndiyo ya makungwa ndi zipatso za mitengo ina ya minga. Koma wosenda khungwa kuzungulira mtengo wonse aupha. Makungwa atengedwe ku mitengo yodulidwa kale, kapena mbali imodzi yokha, ndipo gulu la amisiri libzale mitengo yace-yace.

Madzi a laimu ocotsera ubweya, ndi madzi onse otsukira zikopa, asathiridwe m'dambo, mumtsinje kapena pafupi ndi citsime. Akumbiridwe dzenje patali ndi pomwera anthu ndi ziweto. Nchito yokumba dzenjelo ilembedwe m'buku pamodzi ndi zina, pakuti mtengo umene mmisiri saulipira udzalipidwa ndi mudzi wonse.

Tizidutswa totsala tisatenthedwe. Tipanga zingwe za nsapato, zapagoli, timatumba ndi zigamba. Matayala akutha a galimoto apereka soli yolimba imene anthu a m'midzi aidziwa kale. Ndipo nsapato ya soli yosokedwa ingathe kukonzedwa kawiri kapena katatu, nipatsa mmisiri nchito m'miyezi imene anthu alibe ndarama zogulira zatsopano. Zikopa za nyama zam'thengo zisalowe m'nchito imeneyi: lamulo la nyama zam'thengo la 2015 liletsa kukhala nazo popanda cilolezo.

PHUNZIRO LOCOKERA KU ZLÍN

Dzina la Bata lidziwika kwa mwana wa sukulu ali yense m'Zambia. Mwini dzinalo, Tomáš Baťa, anali mwana wa wosoka nsapato m'mudzi wa Zlín, m'dziko limene tsopano ndi Czech Republic. Anayamba nchito yace m'caka ca 1894 pamodzi ndi mbale wace ndi mlongo wace, ndipo poyamba anagwa m'ngongole zazikuru. M'caka ca 1924 anagawa fakitale yace m'timagulu, kagulu kali konse ndi buku lace, kugula kwa kanzace ndi kugulitsa kwa kanzace, ndi kuona phindu kapena kutaya kwace sabata ndi sabata. M'caka ca 1925 anatsegula sukulu ya nchito, m'mene anyamata anali kugwira nchito usana ndi kuphunzira madzulo, ndipo ali yense anali kulemba m'buku ndarama zace zolowa ndi zoturuka. Pofika 1939 kampaniyo inali itatsegula fakitale ku Gwelo, kumene tsopano ndi Gweru, m'dziko la Zimbabwe. Zikopa ndi amisiri zinaliko m'maiko ambiri; cimene Baťa anaonjezapo ndico buku lowerengedwa sabata iri yonse.

KUMENE WOFUNA KUPHUNZIRA ANGAYAMBIRE

M'Zambia maphunziro a nchito zamanja ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Bungweli lilembetsa sukulu za nchito, likonza zophunzitsidwa, ndi kuyesa ophunzira. Ndipo udindo wace uphatikiza kuphunzitsa kuyendetsa malonda, si luso la manja lokha. Kunja kwa dziko kuli bungwe la ALLPI ku Addis Ababa, limene linayambitsidwa ndi maiko a COMESA kuti litukule nchito ya zikopa, ndipo liphunzitsa amisiri ang'ono-ang'ono a m'maiko amenewo.

M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo gawo lina la ndaramazo linapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Wofuna thandizo limeneli ayambire ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwace ndi ku ofesi ya khonsolo, nafunse sukulu zolembetsedwa zimene ziphunzitsa nchito ya zikopa. Makolo asanatumize mwana afunse ngati sukuluyo iphunzitsa kuwerenga mtengo, kulemba buku ndi kukonzeratu nchito. Sukulu yophunzitsa kusoka kokha yampatsa mwana theka la nchito.

Mutu umodzi susenza denga. Amisiri asanu akagwirizana, mmodzi apita ku Chipata kukagulira onse, ndipo K500 ya ulendo igawidwa pasanu; makina amodzi ndi zikombole zithandiza onse. Magulu a alimi nao angathe kumanga mthunzi umodzi woumitsira zikopa pafupi ndi pophera nyama, ndi kugulitsa zikopa zao pamodzi zitasankhidwa monga asankha fodya.

Mlangizi wa ulimi akafika pamudzi afunsa mlimi matumba amene anakolola ndi ndarama zimene analowetsa m'munda. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa kwa mmisiri wa nsapato. Amene angayankhe ndi buku m'manja adzasokabe caka camawa, ndipo mlimi amene anasenda bwino ng'ombe yace adzapeza wogula cikopa pafupi ndi kwao.